MADZI A M'MAENJE OKUMBAMO GELEVULO NDI MCHENGA KU CHIGWA CHA CHILWA

(Nkhani imene inawerengedwa pamaso pa mamembala pa Msonkhano wa Pachaka wa Bungwe)



Palibe msonkhano wa Bungwe lino umene umatha popanda wina kuimirira ndi kudandaula za miseu. Dandaulo limeneli nloyenera, pakuti matemba ndi makumba a ku Kachulu ayenera kufika ku msika wa Zomba asanaonongeke, mpunga wa ku Likangala uyenera kupeza lole, ndipo mai wodwala ayenera kufika ku chipatala ngakhale m'mwezi wa February pamene makande aterera ngati therere. Koma mseu sumera monga udzu. Umangidwa ndi gelevulo, gelevuloyo achokera m'dzenje, ndipo dzenjelo likumbidwa m'munda wa munthu kapena pa malo odyetsera ng'ombe za mudzi. Tsiku limene dzenje likumbidwa madzi ayamba kulifunafuna, ndipo salisiya ngakhale okumbawo atachoka. Nkhani ya lero iri pa madzi amenewo: kumene achokera, m'mene achotsedwera, kumene apita, ndi amene atsala nao nchito itatha.

1. Makhalidwe a dziko lino

Munthu wofuna kumvetsa za maenje ayambe wamvetsa chigwa chimene akhalamo. Nyanja ya Chilwa iri ngati mbale yopanda chiboo. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe ithira madzi m'menemo, koma palibe mtsinje ngakhale umodzi wotulutsa madziwo kunka nao kwina. Madzi achoka ndi dzuwa ndi mphepo basi, ndipo zonse zimene anabwera nazo, mchere, matope ndi zonyansa, zitsala momwemo. Nchifukwa chake madzi a nyanjayi ali ndi kamchere, monga anaonera David Livingstone pamene anafika m'mbali mwake mu April 1859.

Nyanjayi njosazama, m'malo ambiri sipitirira mamita 2 kapena 3, ndipo imakula ndi kuchepa monga mwa mvula. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 inachepanso kwambiri mpaka mabwato anakhala pa matope ouma ku Kachulu. Komanso mu January 2015, mu March 2019 ndi mu March 2023 pa nthawi ya namondwe Freddy, chigwa chomwechi chinasefukira. Kale lomwe nyanjayi inali yaikulu kuposa lero, yolumikizana ndi Nyanja ya Chiuta, ndipo pobwerera inasiya mchenga ndi dongo zoyalana pansi pa minda imene anthu ali kulima tsopano. Chotero pansi pa chigwa chino pali dongo losalola madzi kupita, ndiponso pali mitanda ya mchenga ndi nsangalabwi imene isunga madzi ndi kuwayendetsa. Zitsime za m'midzi zimwa m'mitanda imeneyi, ndipo okumba mchenga ndi gelevulo afunanso mitanda yomweyo. Mkangano uyambira pamenepo.

Maenje ali a mitundu ingapo. Alipo amene makampani omanga miseu akumba potenga gelevulo, monga zichitikira pa mseu uli wonse waukulu, ngakhale uja wochokera ku Zomba kudzera pa Jali kunka ku Phalombe ndi Chitakale. Alipo a anthu okumba mchenga m'mbali mwa mitsinje, ndiponso nkhuti za oumba njerwa. Mwina kutsogolo kudzakhala ena akulu kuposa onsewa, pakuti mu 2023 kampani ya ku Australia, dzina lake Chilwa Minerals, inayamba nchito yofufuza mchenga wokhala ndi miyala ya mtengo wapatali ya ilmenite ndi zircon m'mbali mwa nyanjayi, kumene malo monga Mposa ndi Mpyupyu adziwika kuti ali ndi mchenga wotere. Dzenje lingakhale lalikulu kapena laling'ono, khalidwe la madzi ndi limodzimodzi.

2. Njira zitatu zimene madzi alowera m'dzenje

Njira yoyamba ndiyo mvula yogwera m'dzenje mwenimwenimo. Anthu ambiri aipeputsa chifukwa sanawerengepo. Mvula ya mamilimita 50, imene itha kugwa usiku umodzi m'dzinja, ikagwa pa dzenje la hekitala imodzi isiya malita 500,000. Amenewa ndi migolo 2,500 ya malita 200. Pampu yotulutsa malita 30,000 pa ola iyenera kulira maola pafupifupi 17 osapuma kuti iwachotse, ndipo maola onsewo iri kumwa mafuta ogula ndi ndalama.

Njira yachiwiri ndiyo madzi othamanga ochokera kumtunda. Dzenje likakhala kunsi kwa minda ya mahekitala 4, ndipo theka lokha la mvula yomweyo lithamangira m'dzenjemo, ndiye kuti malita ena 1,000,000 aonjezeka, ndipo nchito ya pampu ija ichuluka katatu. Madzi amenewa sabwera okha, abwera ndi nthaka ya m'minda, nadya m'mphepete mwa dzenje mpaka kutsegula chigwembe chobwerera kumtunda, chimene chaka ndi chaka chidya munda wa mwini wake. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Wokumba dzenje pa njira ya madzi asayembekeze kuti madziwo adzamlambalala.

Njira yachitatu ndiyo yobisika, madzi a pansi pa nthaka. Wokumba akafika pa muyezo umene madzi aima m'zitsime za pafupi, makoma a dzenje ayamba kuchucha ndipo pansi payamba kutumphuka tiakasupe. Madzi amenewa saleka mvula ikaleka. Munthu atha kupopa madzulo mpaka pansi pauma, m'mawa napeza dzenje ladzalanso. Kufupi ndi nyanja ndi m'madambo madziwa ali pafupi kwambiri, ndipo muyezo wao ukwera m'dzinja nutsika m'chirimwe, kotero kuti dzenje limene linali louma mu October litha kukhala dziwe mu March.

3. M'mene nchito yabwino ichitikira

Njira yosadya ndalama zambiri ndiyo kuletsa madzi asanalowe. Wokumba wanzeru asankha malo okwera, kutali ndi mtsinje ndi zitsime, ndipo ayamba wakumba tiamaenje toyesera kuti aone pamene madzi ali. Akawapeza, aika malire a kuzama kwa dzenje lake pamwamba pa muyezowo. Nchito yaikulu aichita m'miyezi youma, kuyambira May kufikira October. Asanachotse gelevulo wa lole imodzi yomwe, akumba ngalande kumtunda kwa dzenje ndi kuunda mgula, kuti madzi othamanga azungulire ndi kubwerera m'khwawa lao lakale popanda kuwaponyera m'munda wa mnansi. Nthaka yachonde ya pamwamba aiunjika payokha, osaisakaniza ndi ya pansi, chifukwa idzafunika potseka.

Madzi amene alowabe asonkhanitsidwa. Pansi pa dzenje pasemedwa mopendekera mbali imodzi, ndipo ku ngodya yotsika kukumbidwa kadzenje kozamirapo kamene madzi onse athamangirako. Ngati malo ali otsetsereka, ngalande yokha ikwanira kuwatulutsa. Ngati ali athyathyathya monga chigwa chino, payenera kukhala pampu, ndipo kukamwa kwa paipi yake kukhale ndi sefa ndi kulenjekeka pamwamba pa matope, kuti isakoke mchenga ndi kudziononga. Pa migodi yaikulu aboola zitsime kuzungulira dzenje ndi kupopa usana ndi usiku kuti madzi a pansi atsike makina asanafike. Njira imeneyi iumitsa dzenje bwino, koma ndiyo imene ifika msanga ku zitsime za anthu.

Pali chinthu china chimene anyamata okumba mchenga ndi manja ayenera kumva. Khoma la mchenga wonyowa lilibe mphamvu. Madzi ochucha achotsa timchenga ta kunsi pang'onopang'ono, ndipo khoma limene lioneka lolimba ligwa mosachenjeza. Kukumba mphanga kunsi kwa khoma kuti pamwamba pagwe pokha ndiko kuika moyo pa chiswe. Makoma akhale opendeka kapena a masitepe, ndipo malole ndi milu ya dothi zisaime m'mphepete.

4. Kumene madzi opopedwa apita

Kuchotsa madzi m'dzenje ndi theka la nchito, pakuti madzi ochoka kwa wina afika kwa wina. Madzi a m'dzenje limene makina ali kuyendamo ali obvunduka. Munthu ali yense atha kudziyesera yekha: atunge m'botolo loyera, aligwedeze, aliike pa tebulo. Mchenga ukhala pansi mphindi isanathe, fumbi losalala litenga ola kapena kupitirira, koma dongo litha masiku madzi asanayere. Madzi otere akathiridwa mu mtsinje, amai otunga kunsi alandira matope, ngalande za mpunga zikwiririka, ndipo chotsala chifika ku nyanja. Sikimu ya Likangala, imene inatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, idalira mtsinje womwewo umene anthu akumbamo mchenga, ndipo alimi ake adziwa thukuta la kuchotsa matope m'ngalande. Nyanja nayo, pokhala yopanda potulukira, isunga dothi liri lonse loifika, ndipo pamene ikwiririka mpamene iphwa msanga.

Mankhwala ake ndi maiwe odekhetsera madzi. Pakumbidwa maiwe awiri otsatana, otalika kuposa m'lifupi mwake. Madzi alowa mbali ina, nayenda pang'onopang'ono, natuluka mbali inayo chapamwamba podzera pa miyala yoyalidwa, kenaka adutsa m'mizere ya udzu wa vetiva asanafike ku khwawa. Matope akadzala theka achotsedwa. Dziwe limene silichotsedwa matope liri ngati sefa yong'ambika. Migolo ya dizilo ndi malo okonzerako makina zikhale kutali, pa malo otchingidwa, chifukwa mafuta pang'ono okha ayala pamwamba pa madzi ambiri ndipo dziwe silingawachotse.

Madzi oyera bwino asatayidwe chabe m'dziko limene anthu adikira pa mjigo kuyambira mbandakucha. Atha kuthirira mseu kuti fumbi lichepe, kuumbira njerwa, kapena kuthirira madimba. Koma poyamba ayesedwe, pakuti m'malo ena kufupi ndi nyanja madzi a pansi ali amchere, monga adziwira amene mijigo yao iturutsa madzi osakoma. Madzi osiya zoyera pa nthaka akauma sayenera kulowa m'munda wa mpunga kapena wa ndiwo, chifukwa mchere ukalowa m'makande subwerera msanga. Ndipo asamwedwe osaphitsa kapena osathira mankhwala, ngakhale aoneke oyera motani.

5. Zitsime za m'mudzi

Pampu ikakoka madzi m'dzenje lozama, madzi a pansi pa nthaka yozungulira atsetserekera komweko, monga ufa m'lichero utsikira pamene dzanja latapapo. Pafupi ndi dzenje atsika kwambiri, kutali atsika pang'ono. M'dongo kutsikako sikufika patali, koma m'mchenga kutha kuyenda mamita mazanamazana. Zitsime zosazama ndizo ziyamba kuphwa, kenaka madimba auma nthawi yake isanakwane. Kufupi ndi nyanja kupopa kwamphamvu kutha kukokera madzi amchere kumene kunali madzi okoma.

Bvuto la mlandu wotere ndi umboni. Mudzi udzati chitsime chaphwa chifukwa cha dzenje, wokumba adzati chaphwa chifukwa cha chilala, ndipo m'dziko limene nyanja yomwe imaphwa mau akewo sadzaoneka opusa. Mlandu utha pokhapokha pali zolembedwa. Chingwe, mwala ndi kope zikwanira. Nchito isanayambe, munthu wodalirika atsitse chingwe m'chitsime chiri chonse cha pafupi, m'mawa anthu asanatunge, ndi kulemba kutalika kwake kuchokera pa mulomo wa chitsime kufika pa madzi, pamodzi ndi tsiku, pamaso pa nyakwawa ndi woimira kampani. Achite chomwecho mwezi uli wonse, ndipo ayezenso chitsime china cha kutali chimene dzenje silingachikhudze. Zonse zikatsika pamodzi, mlandu ngwa dzuwa. Zapafupi zokha zikatsika, wokumba alibe pobisala. Kopelo liteteza mbali zonse ziwiri, pakuti likananso kunamizira munthu wosalakwa.

6. Dzenje losiyidwa

Mlendo ndi mame. Makina achoka, anchito alandira malipiro ao napita ku nchito yina, koma dzenje litsala ndi eni dziko. Mvula yoyamba ilidzaza, ndipo ana, amene saona kuzama kwa madzi obvunduka, alitenga ngati malo osambira. Dzenje la makoma oimirira ndi oterera lilibe pogwira, ndipo mwana kapena ng'ombe yogweramo situluka. Zithaphwi za m'mbali, zosazama ndi zoombedwa ndi dzuwa, ndizo zikondedwa ndi udzudzu wa malungo, umene m'nyengo yotentha ukula kuchokera ku dzira m'masiku pafupifupi 10. Madzi akakhalitsa mumera udzu, nkhono zibwera, ndipo munthu mmodzi wodwala likodzo akakodzamo nthenda ifalikira kwa osamba ndi ochapa. M'chigwa chimene chaona kolera kangapo, makamaka pakati pa asodzi okhala pa zimbowera, madzi oima pafupi ndi nyumba sali chinthu chosewera nacho.

Kutseka dzenje kuli ndi njira ziwiri zokha zoyenera. Yoyamba ndiyo kulikwirira ndi dothi lotsala, kugwetsa makoma kuti pa mita imodzi ya kuzama pakhale mamita 3 a kupendeka, kutsegula potulukira madzi, kubwezera nthaka yachonde ija ndi kubzala udzu ndi mitengo. Yachiwiri ndiyo kulisandutsa dziwe mwadala, ngati mudzi wonse wabvomera: likhale ndi mwini wodziwika, mpanda, malo amodzi opendeka omwetsera ziweto, m'mphepete molambulidwa, ndi nsomba monga makumba, motsata malangizo a alangizi a za nsomba. Chosayenera ndicho chachitatu chimene chioneka kawirikawiri, kusiya dzenje monga liri ndi kulitcha mphatso ya damu.

7. Zimene malamulo anena

Mamembala adziwe kuti zinthu izi siziri zopempha mogwada. Lamulo la za madzi la 1969 linalowedwa m'malo ndi Water Resources Act ya 2013, imene inakhazikitsa National Water Resources Authority, ndipo ifuna kuti wotenga madzi ambiri pa nchito ya malonda kapena wothira madzi oipa mu mtsinje akhale ndi chilolezo. Environment Management Act ya 2017 inakhazikitsa Malawi Environment Protection Authority, ndipo ifuna kuti nchito zazikulu ziyambe zaunikidwa m'mene zidzakhudzira chilengedwe ndi anthu, eni dera atafunsidwa maganizo ao. Za migodi ziyendetsedwa ndi Mines and Minerals Act ya 2023. Pamwamba pa izi, Nyanja ya Chilwa ndiyo inali malo oyamba m'Malawi kulembedwa pansi pa pangano la maiko la Ramsar loteteza madambo, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo osungidwa mwapadera. Ku Khonsolo ya Boma la Zomba kuli ofesi yoona za chilengedwe kumene madandaulo atha kuperekedwa. Koma lamulo liri pa pepala, ndipo liyenda pokhapokha wina alinyamula.

8. Zimene Bungwe liyenera kulingalira

Poyamba, mfumu kapena mwini munda asabvomere dzenje ndi mau apakamwa okha, kapena chifukwa cha ndalama yapamanja. Pakhale kalata yosainidwa pamaso pa komiti ya chitukuko ya m'mudzi, yonena malire a dzenje, kuzama kwake, kumene madzi adzatayidwa, chipepeso cha mbeu ndi mitengo, ndi tsiku lotseka.

Kachiwiri, nthambi iri yonse ya Bungwe isankhe anthu awiri, mmodzi akhale mai, pakuti amai ndiwo ayamba kudziwa chitsime chikasintha. Anthu amenewa asunge kope la zitsime monga kwafotokozedwa.

Kachitatu, nthambi zilembe maenje onse osiyidwa m'dera lao, malo ake, kukula kwake, ndi kutalikirana kwake ndi sukulu kapena nyumba, ndipo Mlembi atumize mndandandawo ku Khonsolo mvula isanayambe.

Kachinai, pa mseu uli wonse watsopano Bungwe lipemphe a Khonsolo ndi a Roads Authority kuti malipiro otsiriza a womanga asaperekedwe mafumu asanaone ndi maso ao kuti maenje atsekedwa. Makina ali pa malo, kutseka dzenje ndi nchito ya masiku owerengeka. Makina atachoka, ndi nchito ya makasu a mudzi wonse kwa miyezi.

Kachisanu, mamembala amene ali ndi nkhuti za njerwa kuseri kwa nyumba zao ayambe ndiwo kukwirira, kuti podzudzula ena asalozedwe chala.

A Pampando, nkhani iyi siiri yotsutsa miseu kapena migodi, ndiponso siiri yochotsa chakudya pakamwa pa mnyamata wogulitsa mchenga. Anthu a kwa Mwambo, kwa Kuntumanji ndi a pa chilumba cha Chisi afuna miseu yabwino, nyumba za njerwa ndi nchito za malipiro, ndipo ziri zowayenera. Chofunika nchakuti mtengo wa zinthu zimenezi ulipidwe ndi amene apindula nazo, usagwere mai amene chitsime chake chaphwa, mlimi amene ngalande yake yakwiririka, kapena kholo limene mwana wake sanabwerere kuchokera kosamba. Mfundo zisanu zija ziri m'manja mwa msonkhano kuti uzikambirane ndi kugamula.